Khadi Latsopano, Koma Sikirini Ili Bii

Makompyuta akaunjika ochokera m'maofesi a kunja si achilendo m'mashopu osindikiza makalata pa boma la Nkhotakota ndi pa Dwangwa. Wachinyamata wofuna kukonza mavidiyo a maukwati amasunga ndalama kwa miyezi, n'kugula graphics card, khadi lothandiza makina kuonetsa zithunzi mwachangu. Akaliika, nthawi zina sikirini imangoti bii, ndipo iye amafulumira kuganiza kuti amugulitsa chakufa.

Choyamba kuona ndi chingwe cha monita. Chiyenera kuchoka pamalo ake akale n'kulumikizidwa pa khadi lenilenilo. Ambiri amapunthwa pomwepa.

Vuto lalikulu ndi mphamvu ya magetsi. Mpata wa PCI Express, momwe khadi limalowa, umapereka mawati 75 okha. Khadi lofuna mphamvu yoposa apa limadalira chingwe cha mapini 6 kapena 8 chochokera ku power supply. Makina aang'ono a muofesi, monga Dell OptiPlex, ambiri ali ndi power supply ya mawati pafupifupi 240, ndipo chingwechi alibe. Kompyuta ikamazima yokha ntchito ikakula, kawirikawiri gwero lake ndi limeneli. Makina otere amayenera khadi losafuna chingwe, monga GT 1030 la mawati 30, ngakhale mphamvu yake ndi yochepa.

Kunyanja kulinso zake. Fumbi ndi nkhungu zobwera ndi mphepo zimatseka fani, ndipo m'kutentha kwa Okutobala zithunzi zimayamba kudukaduka. Mwini wake azimitse makina, azule pulagi, kenaka apukute fani ndi burashi youma.