Kusamutsa Nsomba za M'nyumba Kupita M'thanki Yaikulu

Mawu oyamba

M'mizinda ya m'chigawo chino mabanja, sukulu ndi maofesi ena amasunga nsomba m'matanki agalasi. Nsomba zikakula, mwini wake amagula thanki yaikulu, nathiramo madzi oyera ndi kusamutsa nsombazo tsiku lomwelo. Kawirikawiri pakapita sabata imodzi kapena ziwiri nsomba zimayamba kufa, chonsecho madzi akuoneka oyera mbee. Dandaulo lotere limafika kwa mlangizi, ndipo limafanana ndi la mlimi amene ana a nsomba amamufera m'thanki yasimenti asanawaike m'dziwe. Yankho lake lili m'phunziro limene mlangizi aliyense wa mbewu amalidziwa kale, la kayendedwe ka nayitrojeni.

Kukula kwa thanki

Ambiri amakhulupirira kuti nsomba imakula molingana ndi malo amene ili. Zoona zake n'zakuti nsomba yopanikizika imapinimbira chifukwa cha madzi oipa. Nsomba ya goldfish ikasamalidwa bwino imapitirira masentimita 20 ndipo imakhala zaka zoposa 10, choncho kusamutsa n'koyenera.

Malita a madzi amapezeka pochulukitsa utali, mulifupi ndi kuya m'masentimita, kenaka kugawa ndi 1,000. Thanki ya masentimita 60 ndi 30 ndi 30 imalowa malita 54, pamene ya 120 ndi 45 ndi 45 imalowa malita 243. Pamenepa madzi achuluka kanayi ndi theka, koma nkhope ya madzi, pamene mpweya wa okosijeni umalowera, yakula katatu kokha. Chifukwa cha ichi thanki yotambalala imaposa yakuya. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, motero thanki yachiwiriyi pamodzi ndi galasi ndi miyala imafika makilogalamu 300, ndipo imafuna choikapo cholimba ndi chosapendekeka.

Chimene thanki yatsopano ilibe

Nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'ziwalo zake zopumira. Ndowe ndi chakudya chotsala zikaola zimaonjezera amoniya wina. M'munda, feteleza wa Urea amasanduka amoniya, ndipo mabakiteriya a m'nthaka amamusandutsa nitrite, kenaka nitrate, imene chimanga chimayamwa. Sergei Winogradsky ndiye anafotokoza za mabakiteriya ogwira ntchitoyi m'chaka cha 1890. M'madzi zimachitika chimodzimodzi. Gulu loyamba, monga Nitrosomonas, limasandutsa amoniya kukhala nitrite. Gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankati lachiwirili ndi Nitrobacter, koma kafukufuku wa Timothy Hovanec ndi anzake wa m'chaka cha 1998 anaonetsa kuti m'matanki a madzi opanda mchere ntchitoyi imagwiridwa makamaka ndi Nitrospira.

Amoniya amaononga ziwalo zopumira. Nitrite imalowa m'magazi niwalepheretsa kunyamula okosijeni, kotero kuti nsomba imabanika ngakhale m'madzi a mpweya wokwanira. Nitrate siivuta pokhapokha itachuluka kwambiri.

Mfundo yofunika ndi yakuti mabakiteriyawa sayandama m'madzi. Amamatirira pa siponji ya m'sefa, pa timiyala ndi pa miyala. Amaswana pang'onopang'ono, ndipo m'thanki yatsopano amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti akwanire. Munthu amene wasamutsa nsomba ndi madzi akale, nasiya sefa yakale, wasiya m'mbuyo chimene chinkasunga moyo wa nsombazo. Kuchuluka kwa madzi kumangochedwetsa ngozi kwa masiku angapo.

Mtundu wa madzi ndi kutentha

Ukali wa amoniya umadalira pH, umene uli muyeso wa asidi m'madzi. Pa madigiri 25, pH ikakhala 7, amoniya wapoizoni sakwana gawo limodzi pa 100 alionse, ikakhala 8 amafika magawo 5, ikakhala 8.5 amafika magawo 15. Izi n'zofunika kwa osunga mbuna, nsomba za m'miyala ya Nyanja ya Malawi zimene zimawetedwa m'matanki ku Ulaya, America ndi Asia. Madzi a m'nyanjayi ali ndi pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo a m'Nyanja ya Tanganyika amaposa pamenepo. Motero amoniya amene nsomba za m'madzi a pH 7 zingapirire akhoza kupha mbuna.

Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa: mamiligalamu 9 pa lita pa madigiri 20, ndi 7.5 pa madigiri 30. Kumalo okwera ngati Harare, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweyawu umachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 6. M'miyezi ya Juni ndi Julaye madzi amazizira ndipo mabakiteriya amachedwa kuswana.

Ndondomeko ya kusamutsa

1. Thanki yatsopano itsukidwe ndi madzi okha, popanda sopo, ndipo idzazidwe kwa tsiku limodzi poyesa ngati ikudontha.

2. Madzi a pampopi a m'tauni ali ndi mankhwala a klorini amene amapha nsomba ndi mabakiteriya omwe. Madziwa akhale m'chidebe chosavindikira masiku awiri. Kumene amathira chloramine, kudikira sikukwanira, ndipo pamafunika mankhwala ochotsera amene ogulitsa nsomba amakhala nawo.

3. Ngati n'kotheka, sefa yatsopano iyende pamodzi ndi yakale m'thanki yakale kwa masabata 4 kusamutsa kusanachitike.

4. Nsomba zisadyetsedwe kwa maola 24 zisanasamutsidwe.

5. Pa tsikulo nsomba ziikidwe m'ndowa yoyera ya madzi akale, yovindikira kuti zisadumphe.

6. Siponji ya m'sefa, timiyala ndi miyala zisamutsidwe zili zonyowa. Zisatsukidwe pampopi, zisayanikidwe padzuwa. Sefa iyatsidwe mwamsanga, pakuti mabakiteriya amafuna mpweya ndipo amayamba kufa madzi akaima kwa maola ambiri.

7. Kutentha kwa madzi atsopano kusasiyane ndi kwa akale ndi madigiri oposa 2. Madzi atsopano athiridwe pang'onopang'ono m'ndowa kwa mphindi 30, kenaka nsomba zilowetsedwe ndi kaukonde.

8. Mbuna zimalimbirana malo, choncho zilowe zonse nthawi imodzi, m'thanki ya miyala yokhala ndi mapanga ambiri.

Masabata oyamba

Thanki yaikulu imakopa mwini wake kugula nsomba zina nthawi yomweyo. Kutero n'kuchulutsa amoniya kuposa mmene mabakiteriya osamutsidwa angakwanitsire. Mlangizi amuuze kuti adikire mwezi wathunthu, ndipo pambuyo pake aonjezere nsomba ziwiri kapena zitatu pa nthawi imodzi. M'sabata yoyamba chakudya chikhale theka la masiku onse.

Kumene kuli zipangizo zoyezera madzi, amoniya ndi nitrite ziyenera kukhala pa ziro. Kumene kulibe, zizindikiro ndi izi: nsomba kupumira pamwamba, kupinda zipsepse, kukana chakudya ndi kubisala pakona. Zikaoneka, gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi lisinthidwe tsiku lililonse kufikira nsomba zitatsitsimuka. Thanki ikakhazikika, kusintha gawo limodzi mwa magawo anayi sabata iliyonse n'kokwanira. Madzi ochotsedwawo ali ndi nitrate, ndipo ndi abwino kuthirira ndiwo zamasamba.

Thanki yakale isatayidwe. Nsomba zatsopano zizikhalamo pazokha masabata 3 kapena 4 zisanasakanizidwe ndi zinzake. Nsomba zodwala kapena zosafunikanso zisatayidwe mumtsinje kapena m'damu. Matenda a zilonda a EUS anaoneka m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi m'chaka cha 2006, ndipo anafika ku Malawi m'chaka cha 2020. Amafala ndi madzi osefukira komanso ndi nsomba zimene anthu amasamutsa, ndipo salabadira malire a mayiko.

Mawu omaliza

Mlangizi akaitanidwa kumene nsomba zikufa zitangosamutsidwa, ayambe wafunsa mafunso atatu: kodi sefa yakale inapita kuti, kodi madzi anachokera kuti, ndipo kodi anaonjezeramo nsomba zingati. Mafunso omwewa amagwira ntchito pa thanki ya pasukulu ndi pa thanki yasimenti yosungira ana a nsomba. Monga mlimi amakonza nthaka asanadzale, woweta akonze madzi nsomba zisanalowe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'ntchito imeneyi kudekhako ndi kwa masabata 4 mpaka 6.