Njinga ya olumala: onani msewu musanafunse mtengo

Wamalonda wa ku Kasiya amene akufunira mayi ake, mwana wake kapena iye mwini chomuthandiza kuyenda asathamangire kufunsa mtengo. Ayambe waona njira yochokera kunyumba kukafika pamsika.

Mawilitcheya ambiri a pakaunjika anawapangira pasimenti ya m'zipatala zakunja. Timatayala take takutsogolo timatitimira mumchenga, ndipo m'matope a dzinja basi, geni yaima. Likathyoka tayala, sipeya wake ndi wosowa.

Kwa munthu wamphamvu m'manja amene amayenda mtunda, yabwino ndi njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja. Imanyamula dengu la tomato kapena kathumba ka mtedza, ndipo tcheni, masipoko ndi machubu ake amakonza ndi wokonza njinga wamba. Vuto lake n'lakuti m'nyumba siikwana. Bungwe la Malawi Against Physical Disabilities limapanga njinga zotere, pomwe miyendo yochita kupanga imapezeka ku Kamuzu Central Hospital.

Mpando uyezedwe pa mwini wake, ukhalenso ndi khushoni. Wokhala pabenchi tsiku lonse pa mpando wosamukwana amatuluka zilonda m'matako, ndipo zilondazo zimadya mpamba kuposa njingayo.

Ndodo nayo ili ndi muyezo: chogwirira chifike pamfundo ya dzanja munthu ataimirira, ndipo aigwire mbali ya mwendo wabwino. Ndodo za m'khwapa zisiye mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Labala wa kunsi akaperepeseka, asinthidwe msanga mvula isanayambe.