Azakhali: Kanula ya masiku 9 padzanja

Azakhali,

Ndine bambo wa ana awiri, ndimayendetsa kabaza ya njinga yamoto. Nditadwala chibayo, kuchipatala anandiika kanula padzanja kuti ndizipita tsiku lililonse kukalandira mankhwala a ceftriaxone. Lachisanu, nditalandira omaliza, ndinazemba anesi asanaichotse, poganiza kuti ndikadzadwalanso asadzandibaye kawiri. Lero yatha masiku 9. Pamalopo pafiira, pakutentha, ndipo mtsempha wauma gwa. Mayi a kunyumba akuti andizule okha. Kodi singano ija siinathyokere m'kati?

M., Chinsapo 2

Mwana wanga M.,

Ha! Munthu wopyola pakati pa maminibasi a kudepoti wopanda ndi chipewa chomwe, koma kuthawa kajakisoni! Chinanso ndikuchidziwa ine. Chiikireni pulasitala padzanjapo, madzi osamba akukuperekera, ndipo nthuli yaikulu ikugwera m'mbale mwako. Usandinamize, amalume ako ndinakhala nawo.

Za singanozo mtima m'malo. Nesi akabaya, singano amaitulutsa nthawi yomweyo. Chotsala mumtsempha ndi kapaipi kofewa ka pulasitiki. Koma kufewako kusakupusitse. Ukamapinda dzanja kamakhula mtsempha m'kati, nanji iwe woswera kugwira chiwongolero m'mabampu a Chinsapo. Mankhwala amphamvu nawo amaotcha mtsemphawo, ukatupa magazi amaundana pamenepo, ndiye kuuma ukukumvako. Kuonjezera apo, pakhungu pali bowo lolunjika m'magazi. Thukuta, fumbi, madzi a m'bafa, zonse zikunyowetsa pulasitala yako yakudayo, tizilombo n'kumalowa osagogoda.

Nanga kanula imayenera kukhala masiku angati? Malangizo a bungwe la CDC la ku America a 2011 amatchula maola 72 mpaka 96 kwa akuluakulu, ndiye kuti masiku 3 kapena 4. Mu 2012 magazini ya madokotala ya Lancet inafalitsa kafukufuku wa ku Australia pa odwala 3,283. Ena ankawasintha kanula pa tsiku lachitatu, ena pokhapokha ikaonetsa vuto, ndipo mbali zonse mtsempha unatupa mwa anthu 7 pa 100 alionse. Usayambe kuvina. Anthu amenewo anali pabedi m'chipatala, anesi akuyang'ana padzanja tsiku ndi tsiku, ndipo ikangopweteka kapena mankhwala akatha, inkachotsedwa. Yakoyo ntchito inatha Lachisanu, yangokhala ngati mlendo amene maliro anatha kale koma iye akufunsabe za ndiwo zamadzulo.

Komanso uganize: ndi nesi uti angathire mankhwala mu kanula ya sabata ndi masiku? Adzakubaya pena basi. Mtsempha wotupa umatenga masabata kuti ufewe, ndipo wina umatsekekeratu. Ukadzadwalanso adzafufuza mkono uwu ndi uwo, iwe uli kufuula mayo. Jakisoni mmodzi unathawayo wadzisungira angapo.

Apongozi angawo uwathokoze, koma asakhudze. Kuzula n'kosavuta, koma pamafunika wina woona ngati kapaipi katuluka kathunthu ndiponso ngati pakufunika mankhwala. Tenga kabuku kako ka kuchipatala, pita lero kumene anakuikako, kapena ku Bwaila. Ku Likuni n'kufupi ngati m'thumba muli kangachepe. Akakukalipira umeze, unaziyamba dala. Akachotsa, uzitsamiritsa mkonowo pa pilo ndi kuthowa ndi kansalu koyera ka madzi ofunda.

Pano sindikuseka: ukaona mafinya, mzere wofiira ukukwera mkono, mkono wonse watupa, kapena thupi latentha n'kumanjenjemera, usadikire kuche. Tizilombo tikalowa m'magazi timapha. Zikatero ndi ulendo wa ku Kamuzu Central usiku womwewo.

Inunso a ku Kawale, Biwi ndi Mgona amene mukudikirira odwala m'wodi, muziona padzanja m'mawa ndi madzulo, makamaka la mwana amene sanganene kuti pakuwawa. Muzifunsa anesi tsiku limene anaiika, ndipo potuluka musachoke nayo pokhapokha atakuuzani tsiku lobwerera.

Njingayo lero isiye, M. Kwera ya mnzako, ulipire ngati wina aliyense.

Ndine Azakhali ako