Phunziro: Chiphaso cha Wopereka Uphungu ku America

Ophunzira, lero tiona mmene munthu amapezera chilolezo chopereka uphungu kwa anthu ovutika m'maganizo ku United States. Choyamba musunge ichi: chiphasocho sichichokera ku likulu la dziko, ku Washington. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi lamulo lake ndi bungwe lake loona za ntchitoyi. Virginia ndiyo idayamba, mu 1976, ndipo California idatsekera mzere mu 2009. Ndi mayina omwe amasiyana: wachiphaso ku Texas amatchedwa LPC, ku New York ndi ku Florida ndi LMHC, pamene ku California ndi LPCC.

Za sukulu sititaya nazo nthawi. Pamafunika digiri yachiwiri, ya masitazi, ndipo zigawo zambiri zimafuna makirediti 60. Bungwe la CACREP, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1981 kuti lizivomereza maphunzirowa, limalamula kuti wophunzira achite maola 100 oyeserera ntchito, kenako maola ena 600, asanamalize. Mayeso odziwika ndi awiri, NCE ndi NCMHCE, onse a bungwe la NBCC. Chigawo ndicho chimasankha amene chikufuna.

Pagona nkhani ndi pa zaka zotsatira digiri. Munthu amayamba ntchito, koma pansi pa woyang'anira amene ali kale ndi chiphaso. Ku Texas amatchedwa LPC Associate, ndipo ayenera kukwanitsa maola 3,000 m'miyezi yosachepera 18. Maola 1,500 mwa amenewa akhale olankhula ndi ofuna thandizo. Florida imafuna zaka ziwiri, maola 1,500 a maso ndi maso, ndi maola 100 okhala pansi ndi woyang'anira.

Nanga amakambirana chiyani pamenepo? Tiyerekeze kuti mnyamata wauza wophunzira ntchitoyu kuti moyo wamutopetsa, koma wamupempha kuti asauze munthu. Buku la malamulo a ntchitoyi limanena kuti chinsinsi chingaululidwe ngati moyo uli pachiswe. Koma kodi mawu a mnyamatayu afika pamenepo? Woyang'anira amafunsa kuti: udamufunsa mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha? Ali ndi mfuti kapena mankhwala kunyumba? M'faelo udalembamo zotani? Kwa ine, maola amenewa ndi amene amaumba mlangizi kuposa mayeso, ngakhale kuti ambiri amadandaula kuti malipiro a nthawiyi ndi ochepa, ndipo ena amalipira woyang'anirayo za m'thumba mwawo.

Chiphaso chikatuluka sichikhala chamuyaya. Ku Texas, mwachitsanzo, munthu amachikonzetsanso zaka ziwiri zilizonse atawonjezera maphunziro a maola 24.

Vuto lalikulu lili pa malire. Lamulo limayang'ana kumene wothandizidwayo ali, osati kumene mlangizi wakhala. Mayi amene wakhala akulandira uphungu ku Atlanta akasamukira ku chigawo china, mlangizi wake sangangopitiriza naye pa foni kapena pa intaneti, pokhapokha lamulo la kumeneko litalola. Mayiyo angafunike kuyambanso kufotokoza mavuto ake kwa mlendo. Pofuna kuchepetsa zimenezi, zigawo zidayambitsa pangano la Counseling Compact: Georgia idali yoyamba kulivomereza mu 2021, ndipo mu 2022 zigawo zidakwana khumi, chiwerengero chimene chinkafunika kuti panganolo likhazikike. Wachiphaso wa chigawo chimodzi cha m'panganoli angathe kupempha chilolezo chogwirira ntchito m'chigawo china cha m'panganomo popanda kuyambiranso mayeso a NBCC aja.