PHUNZIRO 6: Mtima Wophunzitsika

SABATA MASANA

Werengani pa phunziro la sabata ino: Mateyu 11:28-30, 18:1-4, 2 Mafumu 5:1-14, Machitidwe 18:24-28, Yohane 13:1-17, Chivumbulutso 3:14-18.

Vesi loloweza: Mateyu 11:29.

Anthu amene anatsata Yesu m'Galileya satchedwa akatswiri kapena odziwa, koma ophunzira. Liu la Chigriki limene alembi a Mauthenga Abwino anagwiritsa ntchito, mathetes, tanthauzo lake ndi lomwelo: munthu wokhala pansi pa mphunzitsi. Dzinali silinawachoke ngakhale Ambuye atakwera kumwamba, pakuti m'buku la Machitidwe okhulupirira onse akutchedwabe ophunzira. Vuto lathu ndi lakuti ambiri a ife tinaiyesa kalasi ya ubatizo ngati Sitandade 8, ndipo titatuluka m'madzi tinaona ngati talandira setifiketi. Sabata ino tifunsana ngati munthu amene analeka kuphunzira angatchedwebe wotsata Khristu.

TSIKU LOYAMBA: Goli

Kodi Yesu akutchula makhalidwe ati a Iye mwini pamene akutiitana kudzaphunzira? Mateyu 11:28-30.

Yesu akadatha kutchula nzeru zake kapena zozizwitsa zake, koma anatchula kufatsa ndi kudzichepetsa. Ndiko kunena kuti phunziro loyamba m'sukulu yake ndilo mtima wa Mphunzitsiyo. Alimi amene amalima ndi ng'ombe amadziwa kuti ng'ombe yaing'ono siiphunzira kukoka pulawo ili yokha. Amaimangirira pa goli limodzi ndi yaikulu yozolowera, ndipo ikaumitsa khosi imadzipweteka yokha, mzere nukhota. Goli lipepuka kwa iyo yokha imene ivomera kuyenda pa liwiro la inzake.

Werenganinso Mateyu 18:1-4. Ophunzira anali kukangana za mipando, ndipo Yesu anaimika kamwana pakati pao. Mwana sachita manyazi kufunsa. Ife akulu timasankha kubwerera kwathu osamvetsa, kuopa kuti anzathu angatione ngati mbuli. Makolo athu anati safunsa anadya phula.

LOLEMBA: Sukulu ya m'Chigwa cha Domasi

Mtsinje wa Domasi utsika m'mapiri a Zomba ndi Malosa, nudutsa m'dera la Mfumu Malemia kulinga ku Nyanja ya Chilwa. M'chigwa chimenechi, m'chaka cha 1884, Alexander Hetherwick wa mishoni ya Church of Scotland ya ku Blantyre anatsegula Mishoni ya Domasi pakati pa Ayao. Iye anali munthu wophunzira ku yunivesite ya Aberdeen, koma maphunziro onsewo sakanamthandiza kupempha madzi akumwa m'mudzi wa Chiyao. Asanalalikire anayenera kumvetsera. Ndipo aliyense amene anayesapo kuphunzira chilankhulo cha eni atakula adziwa mtengo wake: amalakwitsa, ana namuseka, amai a pamtondo namukonza. Mu 1889 Hetherwick anatulutsa buku lophunzitsa Chiyao, ndipo anagwiranso ntchito yaikulu yomasulira Malemba m'Chiyao. Mau onse a m'mabukuwo anawatola pakamwa pa anthu amene maina ao ambiri sanalembedwe. Iwowo ndiwo anali aphunzitsi ake.

Tisaiwale zimene zinachitika iye asanafike. Amishoni oyamba a ku Blantyre anadziyesa oweruza a dziko, nalanga anthu ndi zikoti, kotero kuti mu 1881 mpingo wao ku Scotland unachotsa ena a iwo pa ntchito. Uthenga umene anabwera nao unali woona, koma anaunyamula ndi mtima wa bwana. Amene anadza pambuyo pao anayenera kuyambiranso pansi.

M'chigwa chomwecho, mu 1929, boma linatsegula sukulu ya Jeanes, yophunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi pamodzi ndi akazi ao. M'zaka za m'ma 1930 mafumu nawo anayamba kubwera kudzaphunzira za ukhondo, zaulimi ndi kayendetsedwe ka milandu. Tangoganizani mfumu imene anthu amaiombera m'manja pabwalo, itakhala pa benchi ndi pensulo m'manja, niyankha mafunso a munthu amene kwao akadakhala pansi pamaso pake. Sitikunena kuti zonse za sukulu ya atsamunda zinali zolungama. Boma linali ndi zolinga zake. Koma ufumu wa mafumuwo sunachepe chifukwa chokhala pa benchi. Pa malo amenewo pali tsopano Domasi College of Education ndi Malawi Institute of Education.

Werengani Eksodo 18:13-24. Mose analankhula ndi Mulungu, komabe anamvera uphungu wa mpongozi wake Yetero, Mmidyani. Kodi mu mpingo wanu mkulu wa mpingo anakhalapo pansi m'kalasi yophunzitsidwa ndi wachinyamata, osalanda phunzirolo pakati?

LACHIWIRI: Namani ndi Antchito Ake

Werengani 2 Mafumu 5:1-14, ndipo muwerenge anthu amene Mulungu anawatuma kwa Namani.

Woyamba ndi kamtsikana kogwidwa pa nkhondo, kamene ngakhale dzina lake sitilidziwa. Wachiwiri ndi mthenga wa Elisa, pakuti mneneriyo sanatuluke m'nyumba. Otsiriza ndi anyamata a Namani yemwe. Onsewa anali apansi pake. Kazembeyo anali wokonzeka kupereka siliva ndi golidi, ndi kuchita chinthu chovuta chilichonse; chimene chinamkwiyitsa ndicho kuuzidwa chinthu chapafupi ndi munthu wapansi. Akadakwera galeta wake ali chikwiyire, akadafika ku Aramu ndi ulemu wake wonse ndi khate lake lonse.

LACHITATU: Apolo, ndi Mai wa ku Washington

Kodi Apolo anali munthu wotani, ndipo anasowa chiyani? Machitidwe 18:24-28.

Apolo anachokera ku Alesandriya, mzinda wa masukulu ndi mabuku. Anali wodziwa kulankhula, wodziwa Malemba, wachangu. Zimene anaphunzitsa sizinali zabodza, koma zinali zoperewera, pakuti anadziwa ubatizo wa Yohane wokha. Priskila ndi Akula, osoka mahema, anamtengera pambali namlongosolera zotsalazo. Pali maphunziro awiri pano. Iwo sanamchititse manyazi m'sunagoge, ndipo iye sanawafunse kuti anaphunzira kuti. Kudzichepetsa kufunika kwa wokonza monga kufunika kwa wokonzedwa, ndipo kawirikawiri uphungu wabwino umakanidwa chifukwa unaperekedwa pa gulu ndi mau okweza.

Ife a Seventh-day Adventist tiyenera kuikonda nkhani imeneyi koposa ena, chifukwa Sabata lenilenilo tinalilandira mwa njira yomweyo. Ku Washington, m'chigawo cha New Hampshire ku America, mlaliki Frederick Wheeler anauza anthu pa Mgonero wa Ambuye kuti oyandikira gomelo akhale osunga malamulo a Mulungu. Mai wina wa mpingo wa Seventh Day Baptist, Rachel Oakes, anamuuza pambuyo pake kuti iye mwini sanali kusunga lamulo lachinai. Wheeler akadatha kunena kuti mai ameneyu ndi mlendo, ndi wa mpingo wina, ndiponso si m'busa. M'malo mwake anakasanthula Malemba, ndipo mu 1844 anayamba kusunga tsiku lachisanu ndi chiwiri. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Chikadachitika n'chiyani kwa ife akadapsa mtima mlalikiyo?

LACHINAI: Pamene Choonadi Chisanduka Chonyadira

Werengani Chivumbulutso 3:14-18. Tchimo la Laodikaya si umbuli, koma kusadziwa kuti ali wosowa.

Pano ndi pamene phunziroli litikhudza pa bala. Timakonda kunena kuti tili ndi choonadi, ndipo tithokoza Mulungu chifukwa cha Sabata, chiyembekezo cha kubweranso kwa Yesu, ndi uthenga wa angelo atatu. Koma munthu akhoza kuloweza masiku 2,300 a Danieli 8:14, nagonjetsa mnansi wake pa mtsutso pamsika wa Songani, mtima wake uli wouma ngati mwala wa mphero.

Mbiri yathu yomwe itichenjeza. Pa msonkhano waukulu wa mpingo ku Minneapolis mu 1888, alaliki awiri achinyamata, Ellet J. Waggoner ndi Alonzo T. Jones, anatsindika kuti munthu ayesedwa wolungama mwa chikhulupiriro mwa Khristu. Mkangano unabuka pa tanthauzo la chilamulo m'kalata ya kwa Agalatiya, ndi pa nyanga khumi za Danieli 7. Atsogoleri akale, makamaka Uriah Smith, mkonzi wa Review and Herald, ndi George I. Butler, pulezidenti wa General Conference, amene sanafike chifukwa cha matenda, anaona ngati maziko akugwedezeka. Anali anthu oona mtima amene anavutikira mpingo zaka zambiri. Chinawavuta ndicho kuphunzitsidwa ndi ana a dzulo. Ellen G. White anaima ndi uthengawo, nadzudzula kwambiri mzimu wa kunyoza umene unali pa msonkhanowo. Smith anavomera kulakwa kwake mu 1891, ndipo Butler anachita chimodzimodzi mu 1893.

Koma achinyamata asafulumire kuseka. Jones anali wa lilime lakuthwa, ndipo mayankhidwe ake anaumitsa mitima imene ikadafewa. Patapita zaka, iye ndi Waggoner yemwe anapatukana ndi mpingo. Akulu aja anagwa nadzuka chifukwa anatha kunena kuti tinalakwa. Onyamula kuunika aja sanapirire kufikira chimariziro. Kukhala wolondola pa mfundo imodzi sikutchinjiriza munthu ku kudzikuza.

Kuphunzitsika sikutanthauza kumeza chiphunzitso chilichonse chobwera ndi mphepo. Yerekezani ndi Machitidwe 17:11. Anthu a ku Bereya anachita zinthu ziwiri, kulandira mau ndi mtima wofuna, ndi kuwayesa ndi Malemba tsiku ndi tsiku. Ena a ife tichita choyamba chokha, nititengeka ndi mlaliki aliyense wa pa wailesi. Ena tichita chachiwiri chokha, nitimvetsera ulaliki monga mlenje wodikira nyama.

Ndi liti pamene munasintha maganizo anu pa nkhani ya uzimu chifukwa cha zimene mbale kapena mlongo anakuonetsani m'Baibulo?

LACHISANU: Beseni ndi Thaulo

Werengani Yohane 13:1-17, makamaka mavesi 6 mpaka 9.

Kamodzi pa miyezi itatu timasambitsana mapazi tisanadye Mgonero, ndipo timautcha mwambo wa kudzichepetsa. Nthawi zambiri timaganiza za wogwadayo. Koma Petro sanakane kusambitsa, anakana kusambitsidwa. Kuvula nsapato ndi kuonetsa mbale wako mapazi ong'aluka ndi fumbi la m'njira ndiko kuvomera kuti uli ndi litsiro limene wina ayenera kukuchotsa. Yesu anamuuza kuti akakana alibe gawo mwa Iye. Ndipo sukulu ya Petro sinathere pamenepo: anaphunziranso m'nyumba ya Korneliyo, nadzudzulidwa ndi Paulo ku Antiokeya (Agalatiya 2:11-14) ali kale mtumwi wa zaka zambiri.

Mafunso okambirana m'kalasi:

1. Mwambo wathu utiphunzitsa kulemekeza akulu, ndipo ndi wabwino. Nanga wachinyamata akaona kuti mkulu wa mpingo walakwitsa pa chiphunzitso, amfikire motani kuti ulemu usungike ndi choonadi chisabisike?

2. M'dera la Malemia Akhristu a mipingo yosiyanasiyana ndi Asilamu amamwa pa mjigo umodzi, nakumana pa maliro amodzi. Tchulani chinthu chimodzi chimene mwaphunzira kwa mnansi wosakhala wa mpingo wathu.

3. Pa Mgonero wapitawu, munasankha yani kuti musambitsane naye mapazi, ndipo ndani amene munampewa?