Phunziro: Korali ndi mkungudza

Asodzi amene adafikako ku Pemba, m'dziko la Mozambique, amaidziwa korali. Imaoneka ngati thanthwe, koma ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi a mchere timene timamanga zigoba zolimba, m'badwo uno pamwamba pa wakale. Mitundu ina imakula sentimita imodzi yokha pachaka. M'nyanja yathu mulibe korali.

Mkungudza wa ku Mulanje, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, nawonso sukula msanga. Matabwa ake sawola wamba ndipo chiswe chimawaopa, n'chifukwa chake ankakhomera maboti. Macheka ndi moto zidaumaliza: kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha.

Ziwirizi zimakumana pa nkhani ya dothi. Mtengo umaligwira kuphiri, pamene korali imafa matope akaikwirira. Kuno n'chimodzimodzi. Mitengo ikatha m'mapiri a ku Namwera, mvula imakokololera dothi kunyanja, ndipo limakakwirira udzu wa m'madzi ndi malo oswerana chambo. Choncho a komiti, mukamakambirana za makoka oletsedwa, itananinso mafumu a kumtunda mumve za nazale zawo.