Tochi ya Pamutu: Zimene Manambala a pa Katoni Satiuza

Tonse tikudziwa mmene zimavutira kugwira ntchito mumdima dzanja limodzi litagwira tochi. Wina amailuma ndi mano, wina amaipana pakati pa tsaya ndi phewa, kenako imagwera mumphika. Tochi ya pamutu inathetsa vuto limeneli: imaunika kumene tayang'ana, manja onse awiri n'kutsala a ntchito.

Nzeru imeneyi inachokera kumigodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, okumba malasha ku America ankamangirira pachipewa kanyale ka carbide. Madzi ankadonthera pa timiyala ta carbide, n'kutuluka mpweya umene unkayaka lawi lowala bwino. Koma lawi ndi lawi basi, ndipo m'migodi ya malasha mumakhala mpweya wa methane ndi fumbi zimene sizichedwa kuphulika. Mu December 1907, mgodi wa ku Monongah, ku West Virginia, unaphulika n'kupha anthu oposa 360. Ngozi zotere zinachititsa boma kukhazikitsa Bureau of Mines mu 1910, ndipo mu 1915 bungweli linavomereza nyale yamagetsi ya Thomas Edison, ya batire m'chiuno ndi nthambo yokwera mpaka kuchipewa. Azigogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela m'zaka za m'ma 1960 ankalowa pansi ndi nyale za mtundu womwewu.

Lero matochi ambiri ndi a LED, opepuka, osadya batire kwambiri, ndipo pamsika ali mbwee. Vuto limene latsala ndi losankha.

Maso athu amathamangira pa nambala ya ma lumen, amene amayeza kuwala konse kotuluka mu tochi. Wogulitsa akanena kuti iyi ndi ya 1,000, timaiona ya 200 ngati chidole. Komatu powerenga buku magetsi atazima, pophika kapena pokhoma tenti, ma lumen 30 mpaka 50 amakwana. Poyenda m'kanjira usiku, 100 kapena 200 ndi ambiri ndithu. Kuwala koposa apo kumatha batire msanga, kumatenthetsa tochi, ndipo papepala loyera kumabwerera m'maso n'kuwatopetsa.

Nambala ina yofunika kuimvetsa ndi ya maola. Makampani otsatira muyezo wa ANSI FL1 amawerenga nthawi kuyambira poyatsa mpaka kuwala kutatsika kufika pa 10 peresenti. Ndiye akalemba kuti maola 40, sakutanthauza kuti iwala mofanana maola onsewo, chakumapeto imangophethira. Mtunda umene amalembawo nawonso amayeza kufika pamene kuwala kwachepa ngati kwa mwezi wathunthu. Ndi bwino kukumbukiranso kuti mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kofika pachinthu kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Nanga matochi opanda dzina aja, olembedwa ma lumen 10,000 pamtengo wa mbale ya nsima? Ife sitiwakhulupirira.

Pali chinthu chimene katoni sinena n'komwe. Popeza tochiyi imakhala pafupi ndi maso, mithunzi imabisala kuseri kwa zinthu, kumene sitingaione. Mwala, muzu ndi dzenje zimaoneka ngati pansi ndi posalala, ndipo munthu amapunthwa akuona. M'nkhungu zimaipiratu: timadontho ta madzi timabweza kuwala m'maso, kutsogolo n'kungoti mbuu. Amene tikukonzekera kukwera phiri la Mulanje, kumene nkhungu imatsika mosachenjeza, tiphunzire kuivula tochiyo n'kuigwira m'munsi, cha m'chiuno. Mithunzi imabwerera, njira n'kuonekanso. Tinyamule mabatire apadera m'thumba lamkati, chifukwa kuzizira kumawafooketsa, ndipo tisankhe tochi yolembedwa IPX4 kapena kuposa, imene imapirira madzi owaza.

Kababu kofiira kamene ambiri timakayesa kokongoletsa kali ndi ntchito yake. Diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima, koma kuwala koyera kumawononga zonsezo m'kanthawi kochepa. Kofiira sikusokoneza kwambiri. N'chifukwa chake oonera nyenyezi amakukonda, ndipo kuhositelo kumatilola kufufuza m'chikwama osadzutsa mnzathu. Tizilombo touluka nato sitikuthamangira kwambiri ngati koyera.

Chovuta kuzolowera ndi ichi: mwachibadwa timayang'ana nkhope ya amene tikulankhula naye, ndipo tochi imapita komweko. Mnzathu amathobwa m'maso, n'kukhala kanthawi asakuona bwino, mwina ali pamalo otsetsereka kapena atanyamula madzi otentha. Tisanatembenukire kwa munthu, tiweramitse tochi iloze pansi, kapena tiiphimbe ndi dzanja. Ndipo poiika m'chikwama titseke loko ngati ilipo, apo ayi tichotse batire limodzi, kuopa kuti ingayake yokha n'kukatha tisanafike.